Mafunso Anu: Zithunzi za Rococo

Funso: Ndikuphunzira kujambula ndi penti, ndipo ndaona zithunzi za ku France zotchedwa Rococo. Zinayamba liti, nanga ndingazisiyanitse bwanji ndi za Baroque? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Zinayambira ku Paris, Mfumu Louis XIV itamwalira mu 1715. Mfumuyi inkakonda zithunzi zikuluzikulu zoonetsa mphamvu ndi ulemerero, za kajambulidwe ka Baroque. Itatisiya, anthu olemera ambiri anachoka ku Versailles, kumene kunali nyumba yachifumu, n'kukakhala mumzinda wa Paris, m'nyumba za zipinda zocheperako zodzaza magalasi ndi zokongoletsa zagolide. M'chipinda chotere chithunzi cha nkhondo sichikhala bwino. Ankafuna za chikondi, maphwando ndi minda ya maluwa.

Posiyanitsa, yambani ndi mthunzi. Wa Baroque umakhala wakuda bii. Wa Rococo ndi wopepuka, wopita kubuluu kapena kubiriwira, ndipo pinki ali ponseponse. Mizere imakhotakhota ngati S, mbali ziwiri za chithunzi sizilingana.

Amene anatsegula njira ndi Antoine Watteau, yemwe mu 1717 anapereka ku Académie Royale, bungwe lachifumu la akatswiri ojambula, chithunzi cha abwenzi awiriawiri pachilumba cha Cythera. François Boucher, yemwe zojambula zake zinkakondedwa kwambiri ndi Madame de Pompadour, chibwenzi cha Mfumu Louis XV, anafika pokhala wojambula wamkulu wa mfumu mu 1765. Koma chodziwika koposa ndi cha Jean-Honoré Fragonard cha m'ma 1767, cha mayi ali pakatungwe, nsapato yake ikuuluka m'mwamba. Chili kunyumba yoonetsera zojambula ya Wallace Collection ku London.

Sizinakhalitse. Fragonard anajambulira Madame du Barry, chibwenzi china cha Louis XV, zithunzi zinayi mu 1771 ndi 1772, mayiyo n'kuzibweza, n'kutenga za Joseph-Marie Vien zotengera luso lakale la Agiriki ndi Aroma. Kuukira ufumu kumene kunachitika ku France mu 1789 kunapeza Rococo itatha kale mphamvu.

Funso: Ndikafuna kuyesera kajambulidwe kameneka, ndiyambire pati? — Mphunzitsi wa ku Mzuzu

Yankho: Aphunzitsi, yambirani papepala. Watteau ankajambula anthu ndi choko cha mitundu itatu, chofiira, chakuda ndi choyera, kenako n'kusankhamo oti alowe m'chithunzi chachikulu.

Pansalu pakani kaye penti wowala, chifukwa ndiye amawalitsa zonse zobwera pamwamba. Penti woyamba akhale wa mafuta ochepa, wotsatira mafuta ochulukirapo pang'ono, ndipo aliyense aume musanaikepo wina. Mukatembenuza dongosololi, wapamwamba amauma wapansi akadali wofewa, chithunzi n'kuchita ming'alu. Watteau mwiniwakeyo ankafulumira n'kuchulutsa mafuta, n'chifukwa chake zithunzi zake zingapo zinang'aluka ndi kuda.

Wakuda musamuike mumthunzi wa khungu kapena wa nsalu yapinki, amadetsa. Sakanizanimo buluu pang'ono. Penti wabuluu wotchedwa Prussian blue, amene anatulukiridwa ku Berlin chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndi wamphamvu kwambiri, choncho kadontho kansonga ya burashi n'kokwanira. Penti woyera wa nthawiyo anali wa mtovu, umene ndi poizoni. Inu gwiritsani ntchito penti woyera wotchedwa titanium white, koma mosamala, popeza amaphimba mitundu ina kuposa wakaleyo.

Ngati mwasankha pastel, timitengo ta utoto tofewa ngati choko, monga ankachitira Rosalba Carriera wa ku Venice, dziwani kuti fumbi lake siligwira zolimba papepala. Chithunzicho chiikeni m'felemu yagalasi, koma pakati pa pepala ndi galasi pakhale kampata, apo ayi mtundu umakakamira kugalasiko.