Kwa achemwali amene nkhani zawo zikungokhala mu foni

Achemwali, mwafunsa chimene mungachite popeza nkhani zanu zadzadza mu foni, mumazikonza mobwerezabwereza koma simuzitulutsa, ndipo ikatuluka imodzi anthu n'kuiyamikira, mumtima mumamva ngati mwawapusitsa, chifukwa simunaphunzire utolankhani komanso Chichewa chanu n'cha kuno ku Mzuzu, chosakanikirana ndi Chitumbuka. Ndiyankha motalikirako, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri m'gulu lino ali ndi funso lomweli koma sanalimbe mtima kulifunsa.

Kudziona ngati wachinyengo pa ntchito imene ukuigwira bwino si kwachilendo. Akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za vutoli mu 1978 atacheza ndi amayi ophunzira kwambiri, ena mwa iwo aphunzitsi a m'mayunivesite, amene ankakhulupirira kuti anafika pamene anali mwamwayi chabe ndipo tsiku lina adzaululika. Amayiwo madigiri anali nawo kale, koma mantha sanawachoke. Mukapeza mpata wolowa ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) kapena ku sukulu ya utolankhani ya MIJ, pitani ndithu, mukaphunzira zambiri zothandiza, koma musayembekezere kuti pepala lidzakhazika mtima wanu pansi.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo ndikufuna ndiikhalire pansi, pakuti kuno kumpoto ili ndi mbiri yake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, mpaka chinabwereranso mu 1994. Ambiri a kuno anakumana ndi Chichewa cholembedwa m'kalasi, pamene mphunzitsi ankadula ndi cholembera chofiira mawu alionse omveka akwawo, motero anakula ndi maganizo akuti chiyankhulochi chili ndi eni ake kwina ndipo iwo angobwereka. Komatu malamulo a kalembedwe amene tikuwaopawo sanagwe kuchokera kumwamba. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linawatulutsa mu 1973, linawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo kuyambira mu 1996 ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Mpaka lero mabuku ena amalemba "adapita" pomwe ena amalemba "anapita", ndipo chilembo cha ŵ ena amachigwiritsa ntchito, ena ayi. Ngati akatswiri anabwerera kangapo kukakonza ntchito yawo, palibe chifukwa choti inu mudzilamule kulemba zopanda banga musanaonetse munthu. Phunzirani malamulowo, amathandiza kuti wowerenga wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga akumveni mofanana, koma Chichewa chimene chimayankhulidwa mumsika waukulu, ku Chibavi ndi ku Luwinga n'chamoyo, ndipo mawu a Chitumbuka oikidwa pamalo oyenera amasonyeza kumene nkhaniyo yachokera.

Kufunitsitsa kuti zonse zikhale bwino sikoipa konse, vuto n'lakuti mukuyeza zinthu zonse ndi muyeso umodzi. Dzina la munthu, tsiku limene chinthu chinachitika, chiwerengero cha ndalama, mawu amene mukuti wina ananena, ndiponso mlandu ulionse umene mukuimba munthu, izi zimafunika kutsimikiza mosatopa, ngakhale zitachedwetsa nkhani sabata yathunthu. Zikalakwika zimapweteka anthu enieni, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene anthu ena anamangidwapo nalo chifukwa cha zimene analemba pa intaneti. Koma kakomedwe ka chiganizo, kusankha pakati pa mawu awiri ofanana tanthauzo, kapena mutu umene ukanatha kukoma koposa, izi zilibe mapeto, ndipo mwina nthawi yanu yambiri ikuthera pamenepa. Lembani nkhani yonse mutazimitsa data, kuti musamayerekeze zolemba zanu zosatha ndi zomalizidwa za anzanu, igonetseni usiku umodzi, m'mawa tsimikizani mfundo zake, kenako iwerengeni mokweza. Pamene lilime lapunthwa, konzani. Mukaona kuti mwayamba kubwezera mawu amene munachotsa dzulo, dziwani kuti kukonza kwatha ndipo chatsala ndi mantha. Paja pa Facebook cholakwika chaching'ono chimatheka kukonzedwa nkhani itatuluka kale.

Musadziweruze nokha. Gulu la Writers Group limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linkakumana kuti aliyense awerenge zimene walemba ndipo anzake azisanthule pamaso pake, ndipo alembi angapo odziwika a dziko lino anadutsa m'menemo. Inunso pezani anthu awiri amene amawerenga mwachidwi, osati amene amakukondani kwambiri moti sangakuuzeni zoona, ndipo muwafunse funso lolunjika: ndi pati pamene munasokonezeka, nanga ndi pati pamene munafuna kusiya kuwerenga? Yankho la funso lotere limakonza nkhani, pomwe mawu akuti "zili bwino" sakuthandizani, ndipo inu simuwakhulupirira n'komwe.

Onyoza adzakhalapo, walira mvula walira matope. Ndemanga imene ikuloza cholakwika chenicheni ilandireni, muthokoze, mukonze. Imene ikunyoza mtundu wanu kapena kuti ndinu mayi musaiyankhe, chifukwa siikunena za nkhani yanu. Ngati manthawa afika pokulepheretsani tulo kapena kudya, ndipo akukhudza ntchito zinanso, kuno ku Mzuzu kuli a St John of God amene amapereka uphungu wa za maganizo, ndipo kupitako si chamanyazi.

Pempho langa n'lakuti musankhe nkhani imodzi mwa zimene zili mu fonimo, makamaka yonena za dera lanu limene mukulidziwa bwino kuposa ife tonse, muitumize kwa anthu awiriwo sabata ino, ndipo mutiuze m'gulu lino tsiku limene mudzaitulutse kuti tidzaiwerenge.