Funsani Amisiri: ST-Link Ikukana Kuiona Bolodi

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: kachipangizo kolumikizira kompyuta ku tchipi, kamene ena amati emulator, ena debugger, monga ST-Link ya matchipi a STM32, kakukana kugwira ntchito. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Ndagula bolodi ya Blue Pill, ija yokhala ndi STM32F103C8T6, pamodzi ndi ka ST-Link V2 kotchipa kooneka ngati flash. Mawaya ndalumikiza, koma STM32CubeProgrammer, pulogalamu ya pa kompyuta yolowetsera mapulogalamu mu tchipi, ikungoti "No STM32 target found". Kodi andigulitsa zakufa? — Wophunzira zamagetsi, Zomba

YANKHO: Musataye msanga, achimwene. Uthengawu ukutanthauza kuti kompyuta ikuiona ST-Link, koma ST-Link siikumva yankho kuchokera ku tchipi. Kompyuta ikanakhala kuti sikuiona ST-Link yeniyeniyo, dandaulo likanakhala lina, ndipo mukanayambira ku Device Manager kukaona ngati driver ya STSW-LINK009 inalowa, kapena pa Linux kulemba lsusb n'kufufuza nambala 0483:3748. Choncho vuto lanu lili pakati pa ST-Link ndi bolodi, pamene pali mawaya anayi okha.

Mawayawo ndi awa: GND, 3.3V, SWDIO ndi SWCLK, ndipo njira yolankhulirana ndi tchipi kudzera pa awiri omalizawa imatchedwa SWD. SWDIO imakathera pa pini PA13 ya tchipi ndipo ndi mmene mauthenga amadutsa popita ndi pobwera. SWCLK imakathera pa PA14 ndipo ndi imene imapereka kugunda koyendetsa mauthengawo. Pa Blue Pill onse anayi ali pa mapini otuluka kumapeto kwa bolodi, mbali yoyang'anana ndi USB. Amene amasokoneza anthu ndi a ku ST-Link. Timabokosi totchipati timapangidwa ndi mafakitale osiyanasiyana, ndipo dongosolo la mapini ake 10 silifanana. Chithunzi chimene mwachipeza pa intaneti chikhoza kukhala cha mtundu wina. Tsatirani zolembedwa pa kabokosi kanu komweko, ndipo muone kamphako kali m'mbali mwa soketi kuti mudziwe mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Chigoba chachitsulo cha timabokositi chimavuka, ndipo wina akachibwezera chozondoka zolembedwazo zimanama. Mukakayika, chivuleni muwerenge zolembedwa pa bolodi yam'kati.

Musanalumikize waya wa magetsi ku Blue Pill, tengani mita muyeze pakati pa pini imene mukuti ndi 3.3V ndi GND. Pafupi nayo pali pini ya 5V. Tchipi imeneyi imagwira ntchito pakati pa 2.0V ndi 3.6V, ndiye mukaimwetsa 5V pa layini ya 3.3V mwaipsereza, ndipo chizindikiro chake n'chakuti imatentha moti chala simungachisiyepo.

Magetsi akakhala bwino, yezani waya aliyense payekha pa mbali ya mita yolira ija, yoyeza ngati waya sanaduke. Mawaya a Dupont, aja osomeka pa mapini, amaduka m'kati chikopa chili bwinobwino, ndipo kachitsulo ka kumapeto kakakhwepa kamangogwira mwa apo ndi apo. Akhale aafupi, osapitirira masentimita 15 kapena 20. Kenako tsitsani liwiro. ST-Link V2 imafika 4000 kHz pa SWD, koma pa mawaya omwazikana kugunda kothamanga chonchi kumafika kutapindika. Sankhani 950 kapena 480 kHz pa Frequency mu STM32CubeProgrammer muyesenso.

Chinanso, bolodi idye magetsi kuchokera kumodzi. Ngati mwaipatsa kudzera pa USB yake, chotsani waya wa 3.3V wochokera ku kabokosi kotchipako, musiye GND, SWDIO ndi SWCLK. GND yokhayo siichotsedwa zivute zitani, chifukwa popanda iyo zipangizo ziwirizi zilibe poyezera kuti 0 ndi uti, 1 ndi uti.

Amene ali ndi ST-Link/V2 yeniyeni ya kampani ya ST, yoyera ija ya soketi ya mapini 20, asamale chifukwa zake ndi zosiyana. Pini 1 siipereka magetsi, imangoyeza magetsi a bolodi kuti ST-Link idziwe mlingo wolankhulira. Bolodi ikhale ndi magetsi akeake, ndipo 3.3V yake ipite pa pini 1. SWDIO ili pa 7, SWCLK pa 9, NRST (ya reset) pa 15, GND pa mapini monga 4, 6 ndi 20. Pulogalamu ikaonetsa Target voltage ya pafupi ndi 0, dziwani kuti pini 1 ili lende. Pa timabokosi totchipa nambala imeneyi musaikhulupirire, nthawi zambiri imangoonetsa magetsi a kabokosi komweko.

FUNSO: Koyamba zinayenda bwino, pulogalamu inalowa ndipo LED ya pa PC13 ikuphethira mpaka lero. Koma kuyambira pamenepo ST-Link siikulumikizanso. Mawaya sindinawakhudze. Ndinapanga pulojekiti mu STM32CubeMX, pulogalamu yosankhiramo ntchito za mapini. — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, tchipi yanu ili moyo, ndipo chatseka chitseko ndi pulogalamu yanu yomwe. Mu CubeMX, pansi pa System Core pali SYS, ndipo pamenepo pali Debug. Pa banja la STM32F1, mukasiya pa No Debug, CubeMX imaika mzere wa __HAL_AFIO_REMAP_SWJ_DISABLE() mu fayilo ya stm32f1xx_hal_msp.c. Mzerewu umalanda PA13 ndi PA14 kuchoka ku SWD n'kuwasandutsa mapini wamba. Tchipi ikangodzuka imathamangira pa mzere umenewu m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ST-Link ikamagogoda imapeza palibe woyankha. Zomwezi zimachitika ngati mwagwiritsa mapini awiriwa ntchito ina, kapena pulogalamu ikugoneka tchipi mu Stop kapena Standby, njira zosungira magetsi, itangoyamba.

Njira yosavuta pa Blue Pill ndi ya timajampa tiwiri tachikasu. Zimitsani bolodi, sunthani BOOT0 kupita pa 1, BOOT1 ikhale pa 0, muyatsenso. Tsopano tchipi siyambira pa 0x08000000 pamene pali pulogalamu yanu, iyambira pa kapulogalamu kamene ST inaikiratu ku fakitale, ndipo kameneka sikatseka SWD. Lumikizani, fufutani zonse ndi Full chip erase, kenako mubwezere BOOT0 pa 0. Musaiwale kubwezerako. Ambiri amalowetsa pulogalamu yatsopano, n'kumadabwa kuti akazimitsa ndi kuyatsa siikuyenda, osadziwa kuti jampa ikadali pa 1.

Njira yachiwiri ndi kulumikiza tchipi itagwiridwa pa reset. Mu CubeProgrammer sankhani Mode ya Under reset ndi Reset mode ya Hardware reset. Apa ST-Link imakokera NRST pansi, kulumikiza, n'kuimitsa tchipi isanawerenge mzere ndi umodzi womwe. Pamafunika waya wachisanu wopita ku NRST, imene pa Blue Pill ndi pini yolembedwa R. Koma pa timabokosi totchipa tambiri, pini yolembedwa RST ndi ya banja lina, la STM8, mnzake wa pini ya SWIM, ndipo pa STM32 siichita kanthu. Mukakhala ndi koteroko gwiritsani chala: dinani batani la reset osalisiya, dinani Connect, kenako mulisiye. Mwina mubwereza katatu kapena kanayi kuti mugwire nthawi yake.

Mukatsegula, konzani gwero lake. Bwererani mu CubeMX musankhe Serial Wire pa Debug. Ubwino wake, zimenezi zimamasula PA15, PB3 ndi PB4, mapini amene JTAG, njira ina yolumikizira debugger ya mawaya ambiri, imawagwira, pamene SWD ikhalabe yotsegula. Ngati bolodi yanu ifunikadi PA13 ndi PA14 pa ntchito ina, ikani kudikira kwa masekondi awiri kumayambiriro kwa pulogalamu musanawalande, kuti ST-Link izipeza mpata wolowera. Ndipo pa bolodi iliyonse imene mukudzipangira nokha, tulutsani NRST pa soketi ya debugger. Ndi pini imodzi yokha, koma ikasowa mudzachita kuwotcherera kawaya pa mwendo wa tchipi, ndipo miyendo ya LQFP48 ndi yotalikirana theka la milimita.

Pali kutseka kwina kofanana nako koma kosiyana. ST-Link ikalumikiza n'kukana kuwerenga flash, mosungira pulogalamu m'kati mwa tchipi, ndiye kuti chitetezo cha Read Out Protection chili choyatsa. Pa F103 chimachotseka mu Option Bytes, koma pochotsapo tchipi imafufuta zonse zili m'katimo. Pa mabanja monga STM32F4 pali Level 2, imene imatseka SWD mpaka kalekale. Imeneyo musaiyese pongofuna kuona.

FUNSO: OpenOCD, pulogalamu ina yolumikizira ku tchipi kudzera pa ST-Link, ikuti "UNEXPECTED idcode: 0x2ba01477", pamene imayembekezera 0x1ba01477. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Chipata, Zambia

YANKHO: Simunalakwitse, ndipo kuona nambala imeneyi ndi umboni wakuti mawaya anu ali bwino, chifukwa tchipi yayankha. Chabe kuti yayankha ndi dzina lina. STM32F103 yeniyeni imapereka 0x1ba01477 pa SWD. Inayo imachokera ku matchipi otengera, monga CS32F103, amene ali ndi Cortex-M3 (ubongo wa tchipi) ya mtundu watsopanoko, ndipo ena amadindidwa chizindikiro cha ST pamwamba. Uzani OpenOCD nambala yoti iyembekezere musanatchule fayilo ya tchipi:

openocd -f interface/stlink.cfg -c "set CPUTAPID 0x2ba01477" -f target/stm32f1x.cfg

Ikalumikiza, GDB, pulogalamu yofufuzira zolakwika, ilowere pa port 3333 monga mwa masiku onse. STM32CubeIDE yokha, pulogalamu ya ST yolemberamo mapulogalamu, imakana matchipi otere ndi mawu akuti "Could not verify ST device". Pophunzirira amagwira ntchito ndithu. Pa chinthu chokagulitsa kwa anthu, ife tingakonde tchipi yodziwika kumene yachokera.

FUNSO: Ndikupanga inverter yaing'ono. Ndikalumikiza debugger bolodi ili pa batire yokha, zonse zili bwino. Ndikayatsa mbali ya ma MOSFET, ma transistor otseka ndi kutsegula magetsi amphamvu, kulumikizana kumaduka. Tsiku lina nditaimitsa pulogalamu pa breakpoint, malo oimitsirapo pofufuza zolakwika, MOSFET imodzi inaphulika. Chikuchitika n'chiyani? Mnzanga akuti ndisamukire ku matchipi a C2000 a kampani ya TI ndi debugger yake, XDS110. — Mmisiri wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Bambo, titenga kuti bolodi yanu ili ndi STM32F103. Pali nkhani zingapo apa, ndipo yoyamba ikhudza moyo wanu. Waya wa GND wa debugger ndi wolumikizana ndi GND ya USB, imene pa kompyuta ya pa tebulo, ndi pa malaputopu ambiri a tchaja cha mapini atatu, imakafika ku earth ya nyumba. Ngati GND ya bolodi yanu ili yolumikizana ndi magetsi a 230V kudzera pa rectifier popanda transformer yolekanitsa, kulumikiza debugger ndi chimodzimodzi kugunditsa magetsiwo ku earth kudzera m'kawaya kowonda ndi mu kompyuta yanu. Zimapsa ndi debugger, USB, mwinanso kompyuta yonse. Kuchotsa tchaja kuti laputopu ikhale pa batire si mankhwala, chifukwa pamenepo chitsulo chonse cha laputopu chimanyamula magetsiwo, n'kumadikira dzanja lanu. Chofunika ndi cholekanitsa: ST-LINK/V2-ISOL, kapena isolator ya USB pakati pa kompyuta ndi debugger. Ya tchipi ya ADuM3160 imafika 12 Mbps, zimene zimakwanira ST-Link V2.

Kuduka kwa kulumikizanako ndi phokoso la magetsi. Ma MOSFET akamatseka ndi kutsegula maulendo masauzande pa sekondi, mawaya a SWD amatola phokosolo ngati mlongoti wa wailesi, ndipo SWCLK ikalandira kugunda kumodzi kwabodza uthenga wonse wawonongeka. Fupikitsani mawaya, potanizani SWCLK ndi waya wa GND wakewake, SWDIO chimodzimodzi, muwadutsitse kutali ndi transformer ndi mawaya a batire. N'chifukwa chake pa riboni ya mapini 20 pafupifupi theka la mawaya ndi GND. Ikani resistor ya ma ohm 22 mpaka 47 motsatana pa SWCLK ndi SWDIO, capacitor ya 100 nF pakati pa NRST ndi GND, ndipo mutsitse liwiro.

Za MOSFET yophulikayo: breakpoint imaimitsa ubongo wa tchipi wokha. Timer yotulutsa PWM, kugunda koyendetsa ma MOSFET, imapitiriza ndi nambala yomaliza imene inapatsidwa, ndipo palibenso amene akuwerenga kuchuluka kwa magetsi kapena kusintha mbali. Transformer ikamakankhidwa mbali imodzi chonchi imakhuta, magetsi amakwera mosaletseka, MOSFET n'kupita. Watchdog ya IWDG, mlonda woyang'anira ngati pulogalamu yaima, nayo imapitiriza kuwerenga n'kuchita reset tchipi muli pakati pofufuza, pokhapokha mutayatsa DBG_IWDG_STOP mu register ya DBGMCU_CR. Mbali ya mphamvu ikakhala yoyaka musaike breakpoint. Onerani manambala pulogalamu ikuyenda kudzera pa Live Expressions ya mu CubeIDE, imene imawerenga RAM osaimitsa tchipi, kapena tulutsani mauthenga pa SWO, pini PB3, ngati debugger yanu ili nayo. Timabokosi totchipa tambiri sititulutsa SWO. Ma breakpoint asiyireni nthawi imene ma MOSFET alibe magetsi, ndipo Cortex-M3 imeneyi imalola 6 okha mu flash nthawi imodzi. Chitetezo cha magetsi opyola muyeso chikhale cha waya, cholowera pa BKIN ya timer ya TIM1, pini PB12, imene imazimitsa PWM ngakhale pulogalamu itaima.

Mnzanuyo sakunama kuti C2000 inapangidwira ntchito ngati imeneyi, ndipo ili ndi njira yofufuzira tchipi ikuyendetsabe mbali zofunika. Koma nkhani ya GND idzakutsatirani komweko. Mukasamuka, soketi yake ya JTAG ndi ya mapini 14: pini 5 ndi yoyezera magetsi a bolodi, pini 6 imadulidwa kuti riboni isalowe chozondoka, TCK ili pa 11. Pa matchipi monga TMS320F28335, TRST ya pa pini 2 imafuna resistor ya 2.2k yokokera ku GND, apo ayi phokoso lomwelo likhoza kuilowetsa tchipi m'njira yoyesera pakati pa ntchito. EMU0 ndi EMU1, pa 13 ndi 14, amakokeredwa ku 3.3V ndi resistor ya pakati pa 2.2k ndi 4.7k iliyonse.