Galu wosakira mbalame akayamba kusaona bwino

Mbale wathu wina amene amasamalira agalu pa famu ku Free State, m'dziko la South Africa, watilembera imelo. Akuti galu wa mtundu wa Labrador wa zaka 8 wayamba kugunda zitsa ndi mipanda kukamada, koma masana amayenda bwinobwino. Funso lake ndi lakuti: apitirize kupita naye kokasaka nkhanga ndi nkhwali, kapena galuyo apume?

Achimwene, musanaganize za kutchire, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi nthenda ya maso yotchedwa PRA, yomwe imatengera kumtundu ndipo imapezeka mwa ma Labrador ndi ma Cocker Spaniel. Imayamba ndi kusaona mumdima, kenako pang'onopang'ono masana nawonso amada. Siipweteka, koma ilibe mankhwala, ndipo galu wotere musamuberekese. Ng'ala ndi ina: imachotsedwa ndi opaleshoni, koma ikabwera mofulumira galu akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, ganizirani matenda a shuga. Diso likafiira, galu n'kumalitsinzina ndi ululu, musadikire mawa. Ikhoza kukhala glaucoma, nthenda imene madzi amachuluka n'kumapanikiza mkati mwa diso, yomwe imapha diso m'masiku owerengeka.

Kunyumba mungayeze chonchi: gwetsani kathonje patsogolo pake, poti sikamveka kakamagwa, muone ngati akukatsatira ndi maso. Chitani zimenezi powala, mubwerezenso m'chipinda chamdima pang'ono.

Ngati ndi PRA, galuyo angathe kusakabe. Mbalame yobisala mu udzu amaipeza ndi mphuno. Maso ankamuthandiza kuona pamene mbalame yagwera, kuona dzanja lanu likumulozera, ndi kupewa zoopsa. Ntchito zitatuzi tsopano ndi zanu.

Yambani panopa, akadaona pang'ono, kusamutsira malamulo onse ku wezulo: kuliza kamodzi akhale pansi, kawiri atembenuke, kambirimbiri abwere kwa inu. Lizani wezulo pamodzi ndi chizindikiro cha dzanja chimene anazolowera, ndipo pakapita milungu siyani dzanjalo. Mphindi 10 patsiku n'zokwanira, ali pa chingwe cha mamita 10. Onjezani liwu limodzi lomuimitsa pomwepo. Ambiri amalakwitsa apa: amalankhula kosalekeza, galu n'kuleka kusiyanitsa liwu la ngozi ndi macheza.

Mumangireni belu pakhosi, ndipo lina laling'ono, la kaliridwe kosiyana, mudzimangire pamwendo kuti azidziwa kumene muli.

Kutchire yendani moyang'anizana ndi mphepo, kuti fungo lizimupeza asanafike pa mbalame. Mbalame ikagwa, musamutume ali kutali. Yendani naye mpaka mamita ochepa kumunsi kwa mphepo, ndiye mumumasule. Sankhani minda imene amaidziwa kale, yopanda waya waminga, maenje ndi magombe otsetsereka a madamu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene nkhanga zimatuluka kukadya, ndi nthawi imene galu wa PRA amavutika kwambiri. Dikirani dzuwa likwere, ndipo kukatentha mufupikitse ulendo.

Diso losaona bwino siliphethira nthambi ikamabwera, choncho minga ndi njere za udzu zimalilasa mosavuta. Magalasi a agalu amathandiza, bola awazolowere kunyumba kaye. Mukabwerako tsukani maso ndi saline (madzi oyera amchere pang'ono) wa ku famase. Mankhwala a m'maso otsala musamudonthezere: ena ali ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa), amene amakulitsa chilonda cha padiso.

Makutu ake muwasamale, chifukwa ndiwo adzamutsogolere. Munthu asaombe mfuti pafupi ndi mutu wake, ndipo auzeni alenje onse kuti mbalame youluka chapansi aisiye. Mukaona kuti wayamba kukakamira pa mwendo wanu, mchira uli pansi, akukana kulowa mu udzu, bwererani naye. Pa bwalo la kunyumba mubisireni phiko la nkhanga mu udzu waufupi, azilifunafuna.