Aphunzitsi, musalowe pagulu la akunja ngati opempha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera (CDSS) ku Mchinji. Mwachidule akuti: "Ndimamva kuti anzathu amadziwana ndi aphunzitsi a maiko ena pa intaneti. Ine ndili ndi foni yokha, labu tilibe, ndipo kalasi yanga ya Fomu 2 ili ndi ana oposa 80. Ndiyambire pati? Nanga anthu amenewa ndingawapatse chiyani ine?"

Aphunzitsi, funso lachiwirilo ndi limene landikhudza mtima, choncho ndiyambira pomwepo.

Muli nazo zambiri. Ambiri a ife tinakulira pa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zimene zili pafupi. Botolo la madzi lodulidwa pakati limasanduka chikho choyesera, zitsekerero za mabotolo zimasanduka maatomu. Ine tsiku lina ndinawiritsa chidede, madzi ake ndinawagawa m'mabotolo atatu. M'botolo loyamba ndinafinyiramo ndimu, madzi anafiira kwambiri. Lachiwiri ndinalisiya. M'lachitatu ndinathiramo chidulo chimene amayi amaphikira therere, ndipo madzi aja anasintha n'kuyamba kubiriwira. Ana anaimirira pamabenchi kuti aone, ngakhale aja a kumbuyo amene nthawi zonse amangogona. Madzulo ndinaika chithunzi cha mabotolowo pagulu la aphunzitsi a sayansi pa Facebook, ndi mawu ochepa ofotokoza. Amene anandifunsa mafunso ambiri anali mphunzitsi wa ku Kenya, ndipo mpaka lero timatumizirana mapulani a maphunziro pa WhatsApp. Ubale wathu unayambira pa chidede.

Ndiye polowa pagulu lililonse, lowani ndi chinthu m'manja, kapena ndi funso limodzi lenileni la m'kalasi. Funso ngati "mumatani kuti ana 80 onse agwireko chipangizo pa phunziro limodzi?" limayankhidwa. Koma uthenga woyamba ukakhala wopempha laputopu, anthu amangokhala chete, ndipo khomo latsekeka. Zimandiwawa ndikaona mphunzitsi waluso akudzichepetsa chonchi.

Poyambira palipo. Bungwe la Scotland Malawi Partnership, limene linayamba mu 2004, limalumikiza sukulu za ku Scotland ndi za kwathu, ndipo mnzake wa kuno ndi Malawi Scotland Partnership. Ubale wa maiko awiriwa ndi wakale. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la tauni imene David Livingstone anabadwira. Kulinso iEARN, imene chiyambireni 1988 imathandiza makalasi a maiko osiyana kugwira ntchito imodzi. TESSA, yotsogoleredwa ndi Open University ya ku Britain, ili ndi zipangizo zaulere zolembedwa pamodzi ndi aphunzitsi a mu Africa muno, ndipo zimaganizira kalasi yodzaza ngati yanuyo. Popeza labu mulibe, funaninso PhET ya University of Colorado Boulder, imene imaonetsa zoyesera za sayansi pa kompyuta kapena pafoni. Zambiri mungazitsitse kamodzi n'kumazigwiritsa ntchito popanda netiweki.

Za bandulo ya intaneti musade nazo nkhawa kwambiri. Misonkhano ya pa Zoom imadya ndalama, koma mauthenga olemba ndi a mawu pa WhatsApp ndi otsika mtengo, ndipo mnzanu amayankha pa nthawi yake. Ingokumbukirani kuti ku Scotland ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Chenjezo langa lalikulu ndi la ana. Musaike nkhope zawo kapena maina awo pa intaneti popanda chilolezo cha makolo ndi a hedi. Jambulani manja, mabotolo, bolodi. Ndipo ubale ukayamba kukula kufika pa sukulu ndi sukulu, a hedi adziwe kuyambira pachiyambi, kuti mawa pasadzakhale manong'onong'o akuti mukudya nokha za azungu. Samalaninso ndi makalata okuitanirani kumsonkhano wa kunja amene akufuna mutumize ndalama kaye. Fufuzani bungwelo, funsani anzanu, musatumize kalikonse mothamanga.

Chinanso, mawu akuti "akunja" asakupangitseni kuyang'ana ku Ulaya kokha. Mchinji ndi Chipata ndi khomo ndi khomo. Mphunzitsi wa ku Zambia, Tanzania kapena Ghana amadziwa choko chikatha, amadziwa mwana wobwera m'kalasi ndi njala, ndipo nzeru zake zimalowa m'kalasi mwanu mawa lomwe.

Sabata ino yesani za chidede zija, kapena chilichonse chimene mumanyadira pophunzitsa. Jambulani, lembani ziganizo zitatu m'Chingerezi chanu chomwecho, muike pagulu limodzi lokha. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti wayankha ndani.