Mafunso Anu: Tikasiyana Maganizo pa Mafilimu ndi Masewero a pa TV

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya anthu amene aonera chinthu chimodzi koma n'kutulukapo ndi maganizo osiyana kwambiri. Ndasankhapo anayi.

Funso: Akonzi, ine ndi amuna anga sitikangana kawirikawiri, koma madzulo alionse ikakwana nthawi ya sewero limene ndimatsatira pa TV, iwo amadzuka n'kutuluka, uku akunena kuti masewero osatha amenewa ndi otayitsa nthawi ndipo alibe mutu. Iwo amakonda mafilimu a nkhondo ndi a apolisi. Kodi akunena zoona? *Mayi wa ana atatu*

Yankho: Mayi, amuna anu aonapo chinthu chenicheni, ndipo ndi bwino tiyambe tachivomereza. Masewero amtunduwu analinganizidwa kuchokera pachiyambi kuti asathe. Anayambira pa wailesi ku United States m'zaka za m'ma 1930, ndipo makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, ndi amene ankalipira kuti aziulutsidwa, pofuna kuti amayi amene ankakhala pakhomo masana azimva malonda awo tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake dzina la masewerowa m'Chingerezi ndi soap opera, lokhala ndi mawu oti sopo, mpaka lero. Ntchito ya wolemba inali yoti womvera abwerenso mawa, ndipo luso limeneli ndi lomwe mumaliona gawo likamatha: mtsikana watsegula kalata, kamera yaima pankhope pake, milomo ikunjenjemera, nyimbo yakwera, kenako mayina a ochita seweroli ayamba kuyenda inu musanadziwe zimene zalembedwamo. Sewero la Coronation Street la ku Britain linayamba mu 1960 ndipo likuonetsedwabe, kutanthauza kuti pali mabanja amene agogo, mwana ndi mdzukulu onse akula nalo.

Pamene ndikusiyana ndi bambowo ndi pa mawu oti alibe mutu. Filimu ili ndi maola awiri okha oti itidziwitse munthu, pamene sewero la tsiku ndi tsiku limatipatsa zaka, moti timaona mtsikana uja akukwatiwa, akulera mwana, akulakwira mayi ake, kenako akubwerera kudzapepesa. Chisoni chimene mumamva munthu wotere akamwalira m'seweromo chimachokera ku nthawi yaitali imene mwakhala naye, ndipo filimu singathe kuchipereka mwa njira yomweyo. Kufooka kwa masewerowa kumaonekera olemba akatha nzeru, pamene munthu amene tinamuona akuikidwa m'manda chaka chatha akutulukira pakhomo ali wamoyo, kapena wina wachita ngozi n'kuiwala zonse kuti nkhani iyambirenso. Ine sewero likafika pamenepo ndimalisiya, chifukwa ndimaona kuti olembawo asiya kulemekeza woonera. Masewero ambiri a ku Mexico ndi Brazil amapewa vutoli pokhala ndi mapeto okonzedweratu, ngakhale amatenga miyezi ingapo.

Ndiponso mafilimu amene amuna anu amakonda ali ndi zizolowezi zawo zobwerezabwereza, monga ngwazi imene adani makumi awiri akuiwombera koma chipolopolo osaikhudza. Apempheni mwaulemu kuti aonere nanu magawo asanu otsatizana, chifukwa gawo limodzi la pakati silingamveke kwa munthu amene sakudziwa amene analakwira mnzake, ndipo inunso muonere nawo filimu imodzi ya kumtima kwawo mpaka kumapeto.

Funso: Ndinaonera filimu imene inapata mphoto zambiri, ndipo pa intaneti anaipatsa maperesenti oposa 90, koma ine ndinagona ili pakati. Anzanga akuti sindidziwa mafilimu. Kodi vuto lili ndi ine? *Wophunzira wa pakoleji*

Yankho: Achimwene, tiyeni tione kaye zimene manambala amenewa amatanthauza, chifukwa ambiri timawakhulupirira tisanawamvetse. Pa tsamba la pa intaneti la Rotten Tomatoes, peresenti imene mumaona imasonyeza kuchuluka kwa akatswiri ounika mafilimu amene anati filimuyo ndi yabwino, osati kukula kwa ubwino wakewo. Ngati akatswiri 95 mwa 100 anena kuti filimuyo ilibe vuto kwenikweni, ipeza maperesenti 95 ngakhale palibe ndi mmodzi yemwe amene inamugwira mtima. Filimu ina yolimba mtima, imene theka la akatswiri laikonda kwambiri ndipo theka lina laida, ipeza maperesenti 50 okha, chonsecho mwina ndi yomwe mungaikumbukire moyo wanu wonse. Pa tsamba lina la mafilimu lotchedwa IMDb napo, nambala ya pakati pa 1 ndi 10 imachokera kwa oonera amene anasankha okha kuvota, ndipo kawirikawiri amene amavutikira kuvota ndi amene akondwa kwambiri kapena akwiya kwambiri.

Mphoto za Oscar, zimene zinayamba kuperekedwa mu 1929, zimasankhidwa ndi mamembala a bungwe la anthu ogwira ntchito ya mafilimu, ndipo makampani amawononga ndalama zambiri pokopa mavoti awo. Anthu amenewa amadziwa ntchito yawo, ndipo amaona zinthu zimene ife sitiziona msanga, monga kaikidwe ka kuwala ndi kalumikizidwe ka zithunzi, koma nawonso amaphonya. Filimu ya The Shawshank Redemption ya mu 1994 inasankhidwa kupikisana pa mphoto zisanu ndi ziwiri za Oscar koma sinapate ngakhale imodzi, ndipo m'nyumba zoonetsera mafilimu sinapeze ndalama zambiri poyamba. Anthu anadzaikonda pambuyo pake poionera pa matepi ndi pa TV, moti kwa zaka zambiri yakhala pamwamba pa mndandanda wa IMDb wa mafilimu okondedwa kwambiri.

Komabe sindikufuna kukumasulani msanga. Mafilimu ena amayenda pang'onopang'ono mwadala, ndipo amafuna kuti maso akhale pa kanemapo nthawi yonse, chifukwa nkhani yake ili m'zinthu zazing'ono, monga mmene bambo wayang'anira mpando wopanda munthu pa nthawi ya chakudya. Munthu amene akuonera foni ili m'manja, atatopa ndi ntchito ya tsiku lonse, zoterezi zimamudutsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ioneraninso tsiku lina muli ndi mphamvu, foni mutaiika patali, ndipo ikakutopetsaninso muziti simunaikonde mopanda manyazi, koma muthe kufotokoza chifukwa chake: kodi anthu a m'nkhaniyo simunawakhulupirire, kapena nkhaniyo inaima malo amodzi? Amene angathe kuyankha funso limeneli amadziwa mafilimu kuposa amene akungobwereza nambala ya pa intaneti.

Funso: Ine ndimakana kuonera mafilimu a zinenero zimene sindizimva, chifukwa kuwerenga mawu a m'munsi kumandilepheretsa kuona zimene zikuchitika. Mchemwali wanga akuti ndikudzimana zambiri. *Mlongo wake*

Yankho: Mchemwali wanu akunena zoona, ngakhale dandaulo lanu ndi lomveka. Mphindi khumi zoyambirira maso amavutikadi kuthamanga pakati pa nkhope ndi malemba, koma akazolowera, ambiri amaiwala kuti akuwerenga. Njira ina ndi ya mafilimu amene mawu ake anajambulidwanso m'chinenero china, ndipo imathandiza kwambiri ana, okalamba ndi amene maso awo amavutika kuwerenga msanga. Ine ndimakondabe mawu enieni a wochita seweroyo, chifukwa theka la luso lake lili pakhosi: kupuma kwake, kusweka kwa mawu akamabisa misozi, ndi kachetechete amene amasiya asanayankhe. Munthu wina akalankhula m'malo mwake ali mu situdiyo, zambiri mwa zimenezi zimatayika. Mu 2020 filimu ya ku South Korea yotchedwa Parasite inakhala yoyamba ya chinenero chosakhala Chingerezi kupata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse, ndipo nkhani yake, ya banja losauka limene likulowerera m'nyumba ya banja lolemera, imamveka kwa munthu wa dziko lililonse. Yambani ndi filimu ya nkhani yosavuta kutsatira, yokhala ndi zolankhula zochepa.

Funso: Ndinatsatira sewero lina kwa zaka zingapo, koma mapeto ake anandikhumudwitsa moti ndikuona ngati nthawi yonse ija ndinaitaya. Kodi mapeto oipa amaononga sewero lonse? *Bambo wokhumudwa*

Yankho: Bambo, simuli nokha. Sewero la Game of Thrones, limene linayamba mu 2011 n'kutha mu 2019 litakwanitsa magawo 73, linakwiyitsa anthu ambiri ndi sizoni yake yomaliza ya magawo asanu ndi limodzi okha, mpaka anthu oposa miliyoni imodzi anasaina kalata ya pa intaneti yopempha kuti ijambulidwenso. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti seweroli linapitirira pamene mabuku amene linachokerako anali atafika, ndipo zinthu zimene zinafunika nthawi kuti zikhwime zinachitika mothamanga. Kumaliza sewero lalitali n'kovuta kuposa kuliyamba, chifukwa woonera aliyense amakhala atadzilembera kale mapeto ake mumtima.

Yankho langa limadalira mtundu wa sewerolo. Ngati lonse linamangidwa pa chinsinsi chimodzi, monga kufufuza amene anapha munthu, mapeto osamveka amaligwetsadi, pakuti magawo onse am'mbuyo anali lonjezo la yankho limenelo. Ngati mphamvu yake inali mwa anthu ake ndi mmene ankakhalirana, magawo abwino aja akadali abwino, ndipo mukhoza kuwabwereza n'kulekezera pa sizoni imene inakukomerani. Mundilemberenso kuti sewero lanulo linali la mtundu uti mwa iwiriyi, komanso gawo limene munayamba kuona kuti olemba ake asochera.