Za filimu ya Rye Lane: bwanji ena akuitamanda pamene ena akuti ilibe nkhani?

Mwafunsa chifukwa chimene anthu ambiri akuyamikirira filimu ya ku Britain ya Rye Lane, pamene inu mutaionera munangoona mnyamata ndi mtsikana akuyendayenda m'misewu n'kumacheza, ndipo mukufuna kudziwa ngati pali china chimene chinakudutsani. Ine ndikuona kuti palibe chachikulu chimene chinakudutsani. Zimene munaonazo ndi zomwezo zimene oikondawo anaona, kungoti filimuyi inaika mphamvu zake pa malo ndi pa macheza a anthu awiriwo, ndipo woonera amene akudikira chiwembu, chinsinsi cha banja kapena ukwati wosokonezeka pa guwa amafika kumapeto akadadikirabe.

Kwa amene sanaionere, filimuyi inatuluka m'chaka cha 2023, ndipo inayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America isanafike m'nyumba zoonetsera kanema ku Britain m'mwezi wa Marichi. Amene anatsogolera kujambula ndi Raine Allen-Miller, ndipo iyi inali filimu yake yaitali yoyamba. Imatenga mphindi 82 zokha. David Jonsson akusewera ngati Dom, wowerengera ndalama wofatsa amene chibwenzi chake, Gia, chinamuzembera ndi mnzake wapamtima Eric, ndipo Vivian Oparah akusewera ngati Yas, mtsikana wolongolola amene akufuna ntchito yokonza zovala za anthu a m'mafilimu. Awiriwa amakumana pa chionetsero cha zithunzi, pamene Yas akumva munthu akulira m'chimbudzi choyandikana ndi chake, n'kudzamuzindikira pambuyo pake chifukwa cha nsapato zake za pinki. Kuchokera pamenepo amathera tsiku lonse limodzi ku Peckham ndi ku Brixton, kumwera kwa London.

Amene amaikonda kwambiri filimuyi, makamaka anthu akuda okhala ku Britain, amayamba ndi nkhani ya malo, ndipo kuti mumvetse chimwemwe chawo muyenera kudziwa mafilimu amene analipo kale. Kwa zaka zambiri, filimu yachikondi yoseketsa ya ku Britain inkatanthauza ntchito za Richard Curtis, amene analemba Four Weddings and a Funeral ya 1994, Notting Hill ya 1999 ndi Love Actually ya 2003. Mafilimu amenewo anthu amawakondabe, koma London amene amaonetsa ndi wa azungu opeza bwino. Notting Hill inadzudzulidwa kwambiri chifukwa inajambulidwa m'dera lotchuka ndi chikondwerero cha mumsewu cha anthu ochokera ku Caribbean, komabe munthu wakuda saoneka n'komwe pakati pa anthu ofunika m'nkhaniyo. Kumbali ina, madera ngati Peckham akaoneka pa kanema, kawirikawiri amaonekera m'nkhani za mipeni, mankhwala ozunguza bongo ndi magulu a zigawenga. Rye Lane, lomwe ndi dzina la msewu waukulu wa malonda ku Peckham, kumene kuli anthu ambiri ochokera ku Nigeria, inaonetsa achinyamata awiri akuda amene vuto lawo lalikulu ndi mtima wosweka basi. Yerekezani munthu wa ku Ndirande amene anazolowera kuona kwawo pa kanema pokhapokha nkhani ikakhala ya umphawi, ndiyeno tsiku lina n'kuona msika wa kwawo utajambulidwa mokongola, anthu akusekamo ndi kufunsirana. Munthu woteroyo sangaionere filimuyo ndi maso ofanana ndi a mlendo.

Chachiwiri chimene amachiyamikira ndi kajambulidwe, ndipo apa m'pamene maganizo amasiyana kwambiri. Kamera inagwiritsa ntchito magalasi otambasula chithunzi, moti m'mbali mwa chithunzicho zinthu zimaoneka zopindika ndipo nkhope ikayandikira imaoneka yotukumuka pang'ono. Mitundu ya zovala, makoma ndi masitolo ndi yowala kwambiri, ndipo kumbuyo kwa awiriwo nthawi zambiri kumadutsa munthu wina wochita zachilendo amene alibe gawo lililonse m'nkhaniyo. Wina akamasimba zakale, filimuyi siingobwerera m'mbuyo mwachizolowezi: Yas akamafotokoza mmene chibwenzi chake ndi Jules chinathera, nkhaniyo imaoneka ngati sewero la pa nsanja, ndipo mipando ya oonera yadzaza ndi Dom yekhayekha akuchemerera. Ena amati zimenezi n'zimene zinaipatsa moyo, pamene ena amati zimatopetsa maso ndipo zimaoneka ngati kanema wotsatsa malonda kapena wa nyimbo. Odandaulawo sakulota, chifukwa Allen-Miller anagwirapo ntchito yojambula makanema otsatsa malonda asanapange filimuyi. Ine ndili ku mbali ya oikonda pa mfundo imeneyi, popeza sewero la pa nsanjalo lili ndi ntchito yake: pambuyo pake timadzadziwa kuti Yas anakometsera nkhaniyo ndipo iye ndi amene anasiyidwa, choncho kuionetsa ngati sewero kunali kutichenjeza mwakachetechete.

Dandaulo lanu loti mulibe nkhani si lanu nokha, ndipo silopanda pake. Zochitika zake n'zochepadi. Yas amalowerera pa nkhomaliro ya Dom ndi Gia ndi Eric n'kunamizira kuti ndi chibwenzi chake chatsopano, kenaka awiriwo amayesa kukatenga chimbale cha nyimbo cha gulu loimba la A Tribe Called Quest chimene Yas anachisiya kunyumba kwa Jules, ndipo pofunafuna kiyi amakapezeka pa phwando la kuseri kwa nyumba ya mayi ake a Jules. Filimu za anthu awiri ongoyenda ndi kucheza zili ndi mbiri yakeyake, ndipo ambiri amaiyerekeza ndi Before Sunrise ya 1995 imene inajambulidwa ku Vienna. Mtundu umenewu umadalira kuti woonera awakonde anthu awiriwo msanga. Mukamuona Yas ngati munthu wosangalatsa wobisa mantha ake m'nthabwala, mphindi zimathamanga, koma mukamuona ngati wolowerera za eni ndi wabodza, monga momwe oonera ena amamuonera, palibenso china chokugwirani.

Pamene ndikugwirizana ndi odzudzula popanda kukayika ndi pa chigawo chomaliza. Filimu imene inayamba mosiyana ndi zinzake imadzagwera m'njira yodziwika kale: bodza laululika, awiriwo akangana, papita miyezi aliyense akukonza moyo wake, kenaka wina achita chinthu chachikulu pagulu, pano m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, kuti abwererane. Kukanganako kumabwera mothamanga ndipo kumathanso mothamanga. Oiteteza amati opanga filimuyi ankadziwa bwino mwambo umene akutsatira ndipo ankaunyadira, umboni wake n'kuti Colin Firth wa mu Love Actually amaonekera kwa kanthawi kochepa akugulitsa chakudya pa kamalo kamene dzina lake likuseka filimu ya Love Actually yomweyo. Zimenezo n'zoona ndipo zimaseketsa, koma kudziwa kuti ukubwereza zakale sikuchititsa zakalezo kukhala zatsopano.

Pali chinthu chinanso chimene ndikuganiza kuti chimatisokoneza ife oonera tili kutali ndi London, ndicho chilankhulo. Nthabwala zambiri zili m'mawu, ndipo Chingerezi chake ndi cha achinyamata a kumwera kwa London, chothamanga, chosakanikirana ndi mawu ochokera ku Jamaica, ndiponso chodzaza ndi kunyoza kozizira kumene munthu amanena chosiyana ndi chimene akutanthauza nkhope ili gwa. Ngakhale amene anaphunzira Chingerezi bwino amatha kuphonya mbali yaikulu ya nthabwalazo ngati akuonera pa foni pamalo aphokoso. Akatswiri ounika mafilimu, amene anamva zonsezo, anaiyamikira kwambiri, ndipo pa mphotho za BAFTA za 2024, zomwe ndi mphotho zazikulu za mafilimu ku Britain, inapikisana nawo m'gulu la filimu yabwino ya ku Britain, pamene Vivian Oparah anapikisana m'gulu la mkazi wosewera bwino, ngakhale kuti onse sanapambane.

Ngati muli ndi mpata woionanso, yatsani mawu olembedwa m'munsi ndipo muziyang'ananso zimene zikuchitika kumbuyo kwa awiriwo, chifukwa mbali ina ya nthabwala ili kumeneko. Mukafika pa nkhomaliro ija ya anthu anayi musanasekepo ngakhale kamodzi, ilekeni, popeza zotsatirazo zikuyenda m'kalembedwe komweko. Kumbukiraninso kuti ku Britain inaikidwa m'gulu la oonera a zaka 15 kupita m'tsogolo chifukwa cha mawu otukwana ndi nthabwala za kuchipinda, choncho si yoonera pabalaza ana ndi apongozi ali pomwepo.