Koyilo yaikulu kapena yapakati? Yankho kwa mbale wofuna kusaka miyala yakumwamba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wakwathu amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Midrand, pafupi ndi Johannesburg. Bwana wake wamusiyira makina ofufuzira zitsulo pansi, a Minelab Equinox 800, okhala ndi koyilo ya mainchesi 11 (koyilo ndi kambale ka kunsonga kwa makinawo kamene kamayenda pamwamba pa nthaka). Iye analemba kuti: "Achimwene, ndikufuna ndizikasaka miyala yogwa kuchokera kumwamba m'minda ya chimanga anthu akakolola. Ena akuti ndigule koyilo ya mainchesi 15 chifukwa imamva zakuya. Kodi ndiyambe kusunga ndalama?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni ndithu, koma osati za koyilo. Imene muli nayoyo ndi yokwanira pa dothi la kuno.

Ndiyambe ndi nkhani imene simunafunse. Kuno ku South Africa mwala wogwa kuchokera kumwamba, umene akatswiri amati meteorite, ndi wa boma ngakhale utagwera pakhomo panu. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, gawo 35, limaletsa kuutola, kuusunga, kuugulitsa kapena kuutulutsa m'dziko popanda chilolezo, ndipo limatchulanso kugwiritsa ntchito makina ngati anuwa pousaka. Zilolezo zimachokera ku bungwe la SAHRA, la boma loyang'anira zinthu zakale ndi chuma cha mbiri ya dziko. Ife okhala m'dziko la eni tisamasewere ndi zoterezi. Njira yowongoka ndi kulumikizana ndi a za miyala ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein mu Johannesburg konkuno, n'kumva mmene mungathandizire pansi pa chilolezo. Mwini famu nayenso ayenera kuvomera musanadumphe waya wake.

Tsopano za koyilo. Amene anakuuzani kuti yaikulu imamva zakuya sananame, koma anangonena theka. Imamva zakuya pa chinthu chachikulu, monga khasu lokwiririka kapena chibulumwa cha chitsulo. Pa kanthu kakang'ono imagontha, chifukwa mphamvu yake yamwazikana pa dothi lalikulu ndipo kulira kwa kanthuko kumamira m'phokoso la dothilo. Ndiye funso lenileni n'lakuti: mwala mukusakawo ndi wotani?

Ambiri timaganiza za Hoba, chimwala chachitsulo cha matani pafupifupi 60 chimene chili pafupi ndi Grootfontein ku Namibia. Komatu miyala yachitsulo chokhachokha ndi pafupifupi 5 pa 100 iliyonse imene anthu amaiona ikugwa. Yoposa 80 pa 100 ndi ya mtundu wa chondrite, mwala wooneka wamba umene mkati mwake muli timadontho ta chitsulo ndi nickel, tomwazika ngati mchere m'ndiwo. Umene unagwa ku Machinga kwathu mu 1981 unali wotere, ngakhale unali wolemera makilogalamu oposa 90. M'munda inu mungakumane ndi kachidutswa kolingana ndi mtedza kapena dzira la nkhuku, ndipo makina amangong'ung'udza pang'ono akakadutsa. Kachidutswa kotere sikakhalanso pansi kwambiri. Kamakhala pamwamba kapena m'dothi limene pulawo imatembenuza chaka ndi chaka. Kuya kumene mukufuna kulipira ndalama kulibe ntchito kwenikweni.

Chachiwiri ndi dothi lenilenilo. Katondo wofiira wa kuno ku Highveld, dera lokwera lozungulira Johannesburg, ndi wodzaza ndi chitsulo chachilengedwe, ndipo m'minda muli miyala ya dolerite, imene alimi achibunu amati ysterklip, ndi chikhakha cholimba cha m'dothi chimene amati ouklip. Zonsezi zimaliza makina. Koyilo ikakula imameza dothi lambiri nthawi imodzi, phokoso n'kuchuluka, inu n'kukakamizika kutsitsa sensitivity, mphamvu yakumva ya makina. Mukatero kuya kuja kwathawa, mwatsala ndi kulemera kokha. Tsiku lina ndinabwereka koyilo yaikulu kwa mnzanga n'kupita nayo m'munda wina chakummawa kwa mzinda. Pofika masana phewa linali moto, m'thumba muli mabawuti a thirakitala ndi misomali ya mpanda basi.

Pa kapangidwe, mwayi muli nawo kale. Makoyilo a Minelab a makina anuwo, ya mainchesi 6, ya 11 ndi ya 15 kwa 12, onse ndi a mtundu wa Double-D. Mkati mwake muli mawaya awiri opindidwa ngati zilembo D ziwiri zosanjikizana pakati, ndipo amafufuza dothi ndi kamzere kopyapyala kochokera kutsogolo kufika kumbuyo kwa koyilo, ngati mpeni wodula nsima. Mtundu wina, wa concentric, umafufuza ngati fanulo yosongoka pansi. Umaloza bwino pamene chinthu chili, koma pa katondo umasokosera, ndiponso umafuna kuti mizere yanu izisanjikizana kwambiri kuti musadumphe malo. Amene muli ndi makina ena ndipo mukusankha pakati pa mitundu iwiriyi, kuno tengani Double-D. Makoyilo a mono ndi a makina a mtundu wina otchedwa pulse induction, okwera mtengo, ndipo sangalowe pa Equinox. Musagulenso koyilo ya kampani ina musanatsimikize kuti inapangidwira makina anu enieniwo.

Ngati dzanja likuyabwabe kuti mugule kanthu, gulani ya mainchesi 6. Imalowa pakati pa zitsa za mapesi, imasiyanitsa msomali ndi mwala zikagundana, ndipo siisokonezeka kwambiri pafupi ndi mawaya akuluakulu amagetsi amene adutsa m'minda yambiri ya Gauteng. Vuto lake n'lakuti munda wa mahekitala ambiri simungaumalize nayo. Ndi ya pamalo pamene mwapeza kale kachidutswa ndipo mukufuna tinzake. Yaikulu ija ndingaivomere pa dothi lamchenga lopanda phokoso, kumene zikudziwika kuti kunagwa miyala yachitsulo.

Kasinthidwe ka makina kamaposa koyilo. Osaka ndalama zakale amatseka makina kuti asamve chitsulo, koma inu chitsulocho ndicho mukufuna, choncho dinani batani lokhala ndi chithunzi cha nsapato ya hatchi kuti mumve zonse. Yesani Gold mode, ya osaka golide, imene imagwira pa Multi (mafunde angapo nthawi imodzi), pa 20 kapena pa 40 kHz, chifukwa mafunde okwera amamva bwino tinthu tating'ono. Chitani ground balance, kusintha makina kuti asamve phokoso la dothi, mukafika, muchitenso mtundu wa dothi ukasintha. Koyilo iziyenda pafupi ndi nthaka, pang'onopang'ono, osaikweza kumapeto kwa mzere ngati mukutchetcha udzu.

Mudzakumba zinyalala zambiri, zimenezo vomerani. Tengani ndodo yomangirira maginito amphamvu kunsonga, ngakhale kuno maginito amagwiranso miyala wamba yambirimbiri. Mwala wongogwa kumene umakhala ndi khungu lakuda lopyapyala, lopserera polowa mumlengalenga, umalemera kuposa mmene ukuonekera, ndipo sukhala ndi timabowo ta thovu. Wa timabowo nthawi zambiri ndi zotsalira za ng'anjo. Ku Vredefort, malo a ku Free State otchuka ndi chidzenje cha mwala wakumwamba, musavutike kupitako. Chimwala chinagunda kumeneko zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo ndipo palibe chidutswa chake choti mungatole.

Pali miyala ina imene koyilo iliyonse ingaidutse mwakachetechete. Umene unagwa ku Nqweba, ku Eastern Cape, pa 25 Ogasiti 2024 unali wa mtundu wa achondrite, wachitsulo chochepa kwambiri, ndipo anautola ndi mtsikana wa zaka 9 amene anauona ukugwa. N'chifukwa chake ndimakonda Julayi ndi Ogasiti, chimanga atakolola, udzu utauma kapena utapsa, maso akuona nthaka. Mukaona mwala wokayikitsa, ujambuleni pomwe ulipo mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, sungani malowo pa foni, kenako tumizani zithunzizo ku Wits kapena ku nyumba yosungirako zakale imene muli nayo pafupi.